Mzere Wofiira pa Mfuti ya a Neville

A Neville Truscott ndi munthu woti akhoza kufunafuna chipewa chili kumutu, koma za mfuti yawo saiwala kanthu. Tinakulira limodzi kuno ku Hillston, mafamu athu a nkhosa anangolekana ndi waya, ndipo takhala tikukangana kuyambira kusukulu. Ndimawakonda, kungoti sindinawauzepo.

Mfuti yawo ndi imodzi koma mipope ndi iwiri, yomangapo mosinthanasinthana. Waufupi ndi wa nkhandwe zodya ana a nkhosa, wautali ndi wa mpikisano wa ku kalabu. Ambirife tikasintha mpope, chipolopolo choyamba chimapita kwake, ndiye timatha zipolopolo kukonzanso galasi loyang'anira. Osati a Neville. Iwo amapukuta mazinga omangira mpopewo ndi chisanza cha malaya akale, kupaka timafuta, kumanga ndi sipanala ina yake imene imati "tya" ikafika pamlingo wake, n'kuona ngati mzere wofiira wa pampope wakumana ndi unzake wa pathupi la mfuti. Mzerewo anaulemba ndi utoto wa m'zikhadabo wa akazi awo a Glenys, ndipo mlandu wa botolo limenelo sunathe mpaka lero.

Kalabu yathu ili ndi mwambo. Tikamaliza kumeta nkhosa, timapachika chimbale chakale cha pulawo kutali, pafupifupi kilomita. Aliyense amawomba kamodzi kokha, mfuti ikadali yozizira, popanda kuyeserera. Woyamba kuchiliza amatenga ketulo yopindika ya kalabu mpaka chaka chinacho. Ketuloyo inakhalitsa pashelefu ya a Neville moti tonse inatikwana.

Kenako maso awo anayamba kuchita chifunga, mpaka chandamale sankachionanso. Ku kalabu anasiya kubwera. Ndinkawapeza pakhonde atangoti duu, osandinyoza n'komwe, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri.

A Glenys, amene moyo wawo wonse ankangobwera ku kalabu ndi masikono n'kumadandaula phokoso, anakatenga chiphaso cha mfuti osauza munthu.

"Abambo, mukhala pakhondepo mpaka muwole?" anatero tsiku lina ine ndilipo. "Dzukani mundiphunzitse. Ndikufuna mudzachimvenso chimbale chija chikulira."

"Inu amayi? Ntchentche ya patebulo pomwe mumaiphonya!"

"Ndimaiphonya dala. Ndimaona ngati ndi m'bale wanu."

A Neville anaseka, koyamba pa miyezi yambiri. Nyengo yozizira yonse inathera kudambo lawo, amayi atagona chafufumimba kuseri kwa mfuti, abambo atakhala pachigubu, kumva mphepo ndi masaya n'kumalongolola ngati wailesi.

Tsiku la mpikisano kunatentha, kamphepo kakuulutsa fumbi lofiira. Mfuti inabwera ndi mpope wa nkhandwe, choncho a Glenys anausintha pomwepo, kumbuyo kwa pikapu. Woitana mayina ndinali ine. Ndinali nditawomba kale n'kuphonya, ndiye mtima sunali bwino.

Sipanala inati tya. A Glenys anati, "Basi, zatheka."

"Yalira msanga imeneyo," anatero a Neville.

"Mzere wakumana, abambo. Wamaso pano ndi ine."

A Neville anayendetsa chikhadabo pa utoto uja, poti unauma motukuka. "Sunakumane. Pali kampata. Mwapukuta ndi chiyani mazingawa?"

A Glenys anayang'ana kumbali. "Ndi mkono wa juziyi. Chisanza chanu chija ndinachichapa, chili pachingwe."

"Mwachichapa! Chisanza changa?"

"Chimanunkha ngati tonde, abambo."

Ine ndinapsa mtima. "Inu awirinu, dzuwa likutiwotcha pano! Ndi mpikisano kapena unkhoswe?"

"Khala chete iwe Wal," anatero a Neville. "Chipolopolo chako chikupitabe ku tawuni ya Griffith uko, kachidikire kumeneko."

Anamasula mpope, n'kufufuza ndi chala pamene umakhudzana ndi thupi la mfuti. Anatulutsa kaulusi ka juzi kodzaza mchenga, kakang'ono ngati nsidze imodzi. Patali chonchija, kanthu kameneko kakanaponya chipolopolo kutchire. Chopukutira panalibe, ndiye mkuluyo anangovula malaya pamaso pa kalabu yonse, chimimba choyera mbee chili pamtunda, n'kupukuta nawo mazinga. Azimayi a masikono anaseka mpaka kugwirana.

Ulendo uno sipanala inalira pake. Chikhadabo chinadutsa pamzere osakodwa. A Neville anatembenuza kabatani ka galasi momwe mpope wautali umafunira, akuwerenga chamumtima, n'kupereka mfuti.

A Glenys anagona pamphasa. Amuna awo anagwada pambali, tsaya atalipereka kumphepo. "Dikirani... dikirani... yatsika. Tsopano, amayi."

Mfuti inalira. Ine ndinali ndi magalasi oonera patali, ndipo ndinachiona chimbale chikugwedezeka. Enanso a magalasi anachiona. Kuchokera kutali konkuja, kulira kwa chitsulo kumachedwa kufika, ndipo masiku onse timakhala titakuwa kale kusanamveke. Tsiku limenelo palibe anatsegula pakamwa. Sitinapangane, tonse tinangotembenuka kuyang'ana a Neville, ali chigwadire opanda malaya, khutu atalitchera.

Kenako kunafika, kochepa koma komveka bwino: ngwee!

Nkhope yawo inamasuka ngati ya mwana wapatsidwa switi. Ine misozi inalengeza, ndipo sindinanamizire fumbi, chinali chimwemwe basi.

"Mwamva, abambo?" anafunsa a Glenys.

"Ndamva, amayi. Koma mwamenya cham'mphepete."

Ketulo inabwerera pashelefu yake yakale. Loweruka lililonse a Neville amabwera ku kalabu kudzandinyoza, chisanza chija chili m'thumba la malaya, chifukwa a Glenys sachipatsidwanso.