Kadontho Kamene Kanadzutsa Dzanja la Atate

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Chinyunyu kukaona atate. Chiwagwereni sitiroko chaka chatha, dzanja lawo lamanja limangokhala gone pamwendo. Kuchipatala ku Rufunsa anati azigwedeza zala tsiku ndi tsiku, apo ayi dzanja liuma. Amayi ayesa kuliviika m'madzi otentha a pakasupe, ayesa kuwapatsa chimanga kuti atonole. Yankho ndi limodzi: "Nisiyeni."

Nkhani zitatithera, ndinawaonetsa kasewero kakalekale kamene ndinakapeza pafoni. Timizere tiwiri, kena uku kena uko, ndi kadontho koyera kothamanga pakati. Ukalephera kukabweza, mnzako wagoletsa. Basi. Ndi amodzi mwa masewero oyambirira a pakanema, a m'ma 1970, amene ankakhala m'chibokosi chachitali ngati kabati.

Atate anayang'anitsitsa.

"Aka? Tenze kusewera aka mu Lusaka, nikali kusewenza mu hotela. Manje kopotokola kali kuti?"

Kani pa chibokosi chija ankayendetsa kamzere popotokola kachitsulo konga ka wailesi. Foni ilibe zimenezo. Ndimati ndiwaphunzitse kukhudza galasi, amayi anandigwira mkono.

"Ona."

Chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja lodwala lija zinali kupotokola mphepo pamwendo, zikutsata kadontho.

Ndinalira, sindibisa. Ndamera imvi osadziwa kuti atate anga, odana ndi nsolo aja, anali katswiri wa masewero.

Kodi si mmene timasamalira odwala athu? Phala timaphika, mankhwala timagula, mapemphero timaitanitsa. Koma ndani amafunsa nkhalamba chimene chinkaiseketsa ili mnyamata? Timaiona ngati inabadwa ndi ndodo kale.

Amene anapanga kasewero kaja anaika timizere tiwiri, kuti kadontho kakhale ndi wokabweza. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Atate tinawapatsa chimanga n'kuwasiya okha pakhonde, kenaka n'kumadandaula kuti ndi aliuma.

Tinaika foni pathebulo, amayi anawanyamulira dzanja mpaka chala chinafika pagalasi. Atate anaphonya kambirimbiri. Kenaka anabweza kamodzi, ine n'kuphonya.

"Wanilekelela iwe," anatero. "Ubwele futi pa Chiwelu, usewele bwino."

Sindinawalekerere. Misozi ndiyo inanditseka m'maso.

Nanga inu, odwala anu ankakonda kusewera chiyani? Munawafunsapo?