Garantiya ya a Silvestro

Alamu anga a Silvestro, amuna awo a achemwali anga, anali munthu wosakhazikika. Atabwerako ku Joni anagulitsa ng'ombe zawo kusiya imodzi yokha, n'kugula chigalimoto chakalekale kwa a Caetano, makanika wa ku Ulongwe, ati azinyamulira kachewere wa anthu a ku Domwe kuno. Hutala ankaimba ngakhale poona nkhuku.

Pogulana, a Caetano analonjeza garantiya: chitsulo chilichonse chikathyoka mvula isanagwe, adzasintha ulere.

Ndiye kunagwa chizimalupsa, kamvula kaja kamangozimitsa moto wa m'tchire n'kupita. M'mawa mwake mola, chitsulo chonyamula thupi la galimoto, inangoti thyo! Alamu anatuma uthenga ku Ulongwe. Yankho linabwera lakuti mvula yagwa, garantiya yatha, akafuna mola ina abweretse ng'ombe yotsalayo.

Ha! Alamu anapita okha, fumbi koboo.

"A Caetano, inu Mchewa mnzanga, chizimalupsa ndi mvula? Mwadzala? Tengani khasu tikadzale, ndione!"

A Caetano anakanda m'mutu. "Chabwino. Bwerani nayo yothyokayo mvula yodzalira isanagwe, ndikupatsani ina."

Kuchotsa molayo kunawavuta, dzimbiri linali litadya zonse. Mudzi wonse ukupempha mvula, alamu okha ankaloza mitambo chala, kuikalipira ngati mbuzi yolowa m'munda. Achemwali anasiya kuwalankhula. Ine ndinkaseka mpaka nthiti kuwawa, koma chisoni ndinali nacho, pakuti ng'ombeyo ankaikonda zedi.

Tsiku limene molayo inachoka, alamu anaisenza pamutu, liwiro la ku Ulongwe, kumwamba kutada bii. Atatsala pang'ono kufika, inayamba. Osati yamasewera, mvula yeniyeni! Analowa kwa a Caetano madzi ali chuchuchu, chipewa chitagwera m'makutu.

"Pepani a Silvestro, yagwa," anatero a Caetano.

"Yagwa kuti? Ndi thukuta ili! Tasenzani chitsulochi muone!"

A Caetano anaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka anawagwira dzanja n'kuwatengera pakhomo. Kuseri kwa nyumba akazi awo anali atawerama kale ndi khasu, mbewu ili m'chikho.

"Thukuta lanulo ndi labwino, a Silvestro. Taonani, amayi akudzalira chimanga."

Ng'ombe ija alamu anaikusa okha kukaipereka kwa a Caetano, sanalole wina. Njira yonse ankalankhula nayo, kuipepesa, ndipo galimoto itakonzedwa sanaimbenso hutala.