Chipewa cha Denga la Atate

"Mphepo? Mwana wanga akagwire ntchito ya mphepo? Ndiye malipiro akenso adzakhala mphepo!"

Awa anali atate, ataima pakhomo la nyumba yathu ku Kabushi mu Ndola, lamba ali m'manja, ati amangofuna kuvala. Ine ndinali kuseli kwa mtengo wa mango, poti mwana wanzeru amayankha makolo ali patali.

"Atate, si mphepo wamba. Ndi mphepo ya m'maofesi."

"Chitsiru iwe! Anzako akulembedwa ku migodi, mkuwa ukulemeretsa ngakhale agalu, iwe ukufuna kukakupiza mabwana?"

Fomu Thu inali itandikana. Sindikuti ndinalephera, mayeso ndiwo analephera kundimvetsa. Atate anali atandipemphera kale malo komwe amagwira iwo, kosungunula mkuwa, pamoto weniweni, ine munthu wotuluka thukuta ngakhale poyasamula. Ndiye nditamva kuti ku Kitwe kuli kampani yofuna anyamata opinda malata a mphepo yozizira, ndinamanga bulangete. Amayi anandiikira mtedza m'thumba. Atate sanandigwire chanza, anangoti, "Ukadzabwera, udzabwere uli munthu."

Manje anthu amandiseka ndikamati ndinasamukira kutali. Ati ku Kitwe basi imafika tiyi asanazizire. Asekeni. Ine ndikudziwa kuti ndinawoloka mtsinje wa Kafue, ndipo wowoloka mtsinje ndi wapaulendo basi.

Kuntchito ndinapeza a Chanda, folomani, Mbemba wamtali ngati mlongoti wa mbendera. Atangomva kuti makolo anga ndi a ku Katete anakondwa ngati atola ndalama, poti Abemba ndi ife a kum'mawa timanyozana mwachibale: iwo amatiseka kudya mbewa, ife timawaseka kudya anyani.

"Iwe mwaice, kamnyamata kadya mbewa! Lero mbewa ndiwe. Lowa umu."

"Chabwino, bola musandiwotche ngati anyani anu aja."

Umu mmene amanenamo munali m'dakiti, paipi ya malata ya makona anayi yonyamula mphepo. Masiku amenewo Kitwe imamera ngati bowa. Ukagona pali tchire, ukadzuka pali nyumba yosanja, mbendera yatsopano pamwamba, ndipo bwana aliyense amafuna ofesi yozizira mu Okutobala, yofunda mu Juni. Makina amakhala padenga, ife timayala njira za mphepo kuseli kwa siling'i mpaka chipinda chomaliza.

Ine ndinkayesa mphepo ndi chinthu chopusa, kungoiuzira ipita. Ayi. Mphepo ndi yaulesi kuposa ine. Ikapeza kona yakuthwa imakhala pansi n'kuyamba kulira, ndiye kona uzipinda mozungulira ngati chigongono cha wansembe podalitsa. Dakiti iziyamba yotakata pafupi ndi makina, n'kumachepa nthambi iliyonse ikapatuka, apo ayi bwana woyamba azizidwa mpaka chimfine, kalaliki wakumapeto akupsa ngati mbatata. Polumikiza paliponse uzimata ndi phula, kunja uzikuta ndi ubweya wagalasi, chifukwa kuzizira kukathawira m'siling'i makina amadya magetsi ngati mgodi wonse wa Nkana. A Chanda amayenda ndi pulani ya ojambula m'khwapa, akuika kapepala pa gilili iliyonse yotulukira mphepo kuti aone ngati kakupepeluka mofanana.

Amene amalowa mkati kukamata anali ine, chifukwa ndinali woonda. Ubweya uja umayabwa kuposa chitedze. Ndinadzikanda chaka chonse, khungu langa loyamba linatsala ku Kitwe.

Koma kuyabwa sikunali kanthu. Ndinkagona ku Buchi, m'kachipinda kakuseli kwa nyumba ya anthu ena, komwe ukatambasula mwendo umatsegula chitseko. Kuntchito Chibemba, kumsika Chibemba, Misa Chibemba. Chibemba ndimachidziwa, ndinakulira ku Ndola, koma kwathu ukatseka chitseko umachivula ngati nsapato. Uku kunalibe kochivulira. Lamlungu likatha Misa ndinkachapa ovolosi, n'kukhala pamwala kuionerera ikuuma. Nthawi zina ndinkayankhula nayo. Inali ndi khalidwe labwino, sinkanditsutsa.

Dakiti ilinso ndi khalidwe lina, imanyamula mawu. Tsiku lina ndili chogona mkati, ndinamva mayi wina wokolopa pansipo akukalipira mwana wake amene anamubweretsera chakudya. M'Chinyanja chathu chenicheni. "Iwe, mutu ngati dzungu, ndati ubwere ndi supuni!" Ndinasiya kumata. Ndinakhala chete kuti amutukwanebe. Nditatuluka, a Chanda anafunsa za maso anga, ine ndinati ndi ubweya wagalasi.

Kunyumba sindinkalemba zimenezo. Pakutha kwa mwezi ndinkatumiza thu kwacha, mwina fili, ndi kalata. M'kalatamo ndinali injiniya. Ndinkalamula mphepo ya Kitwe yense. Azungu ankandifunsa asanayetsemule. Mayankho ankalemba mng'ono wanga Lazalo, mawu a amayi: tonse tili bwino, ndalama tinalandira, muzipemphera. Ameneyo "muzipemphera" ndikanamuona bwino, koma ndinangoti mwana akuphunzira ulemu kusukulu.

Kutentha kutayamba ndinakumbukira denga lathu. Nyumba ya ku Kabushi mu Okutobala ndi uvuni, atate amachoka pamoto kuntchito n'kudzalowa pamoto kunyumba. Ndinafunsa a Chanda ngati pali makina a anthu osauka.

"Makina a chiyani? Mphepo yotentha imakwera yokha. Ipatse khomo pamwamba, yozizira ilowa pansi. Magetsi ziro."

Ndiye ndinajambula ndekha, n'kupempha zidutswa za malata zotsala. Ndinapanga kapaipi kafupi, kokhala ndi siketi yoti igone padenga, ndi chipewa pamwamba choletsa mvula. Ndinachipukuta mpaka chimandionetsa ziphuphu. M'mutu mwanga ndinkaona kale: ine padenga, atate pansi akukuwa kuti ndikuwononga nyumba, Lazalo akuponya misomali, amayi akuti nditsike ndingathyoke. Phokoso limenelo ndi lomwe ndinakwerera basi pa tchuthi cha ufulu.

Nditafika, Lazalo anandithamangira, koma atatsala pang'ono anaima, n'kulandira katundu ndi manja awiri. Lazalo, amene ndinamuchotsa dzino ndi chigongono! Amayi anatuluka atavala chitenge cha ku tchalitchi. Atate anavala jekete, kutentha konse kuja.

"Mwayenda bwanji, a injiniya?"

Ndinayang'ana kumbuyo kuona ngati pabwera wina.

Anandikhazika pampando wa atate. Kenako ndinamva nkhuku ikulira kuseli. Kwathu nkhuku imafa pa zifukwa ziwiri, Khirisimasi kapena mlendo, ndipo Khirisimasi inali kutali. Lazalo anagwada ndi beseni kundisambitsa m'manja. Chakudya anandiikira pathebulo m'nyumba, nthutumba pamwamba, chitseko n'kutseka.

"Atate, simudya?"

"Idyani, ife tidyera panja. Musamangike."

Ndinadya ndekha, monga ku Buchi, kusiyana kwake kunali nsalu yapathebulo. Panja ankaseka, amayi akukalipira Lazalo kuti akutha nyemba. Ndinanyamula mbale yanga n'kutuluka. Kuseka kunazima. Amayi anathamangira mpando, Lazalo anabisa manja. Nkhuku ija inandikakamira pakhosi, mpaka lero ndikameza ndimaimva.

Ndinati mwina chipewa chikonza zinthu. Ndinachimasula, n'kufotokoza zonse, khomo pamwamba, magetsi ziro. Ndinapempha makwerero.

"Aa, ayi," anatero atate. "Munthu wabwera kudzapuma akwere padenga? Anthu atiseka."

Amayi anachinyamula ngati mwana wa ubatizo, n'kuchiika pakabati, pakati pa chithunzi cha ukwati ndi maluwa apulasitiki. Anachifunditsa kansalu koluka. Azimayi a mphakati anabwera kudzachiona, wina anafunsa ngati chimagwira wailesi.

Mnzanga Bonifasi, wa nyumba yoyandikana nayo, akanandiseka n'kundibweza pansi, koma anali ku Masaiti ndi lole ya amalume ake kukatenga malasha. Ndinayenda Kabushi yense nditavala nsapato zofinya, aliyense akundipatsa moni wa akulu. Tchuthi chisanathe ndinati ntchito ikundifuna. Palibe anandiletsa. Anandiperekeza onse mpaka pa basi, monga amachitira ndi katekisiti.

Ku Buchi ndinalembera Bonifasi. Ndinati, mwana, kwathu anandiphera nkhuku. Nyumba ilipo, anthu alipo, koma malo anga anasesapo. Ku Kitwe ndine mbewa, ku Kabushi ndine mlendo, ndiye pa Khirisimasi usandiyembekeze, ndikhala ndi ovolosi yanga.

Yankho linabwera mvula yoyamba itagwa, papepala la m'buku la masamu:

"Sitefano, wabodza iwe. Leka kulira, ukundinyowetsera kalata. Utangopita, atate ako anavula jekete, anabwereka makwerero athu, n'kukwera okha ndi chinthu chako chija. Anaboola denga. Siketi ija anaiika mkati m'malo mwa kunja, ati ndi mmene zikuonekera bwino. Sabata yoyamba amaitana msewu wonse kudzamva mphepo ya mwana wawo. Manje mvula yabwera, ikutsikira pabedi pawo penipeni, beseni lili pamtsamiro. Kuyambira m'mawa akukutukwana, mpaka kwathu tikumva. Ati chitsiru chija chinasiya chinthu osanena kuti chimalowa bwanji. Ati ndikuuze ubwere Loweruka ndi phula lako, ukwere wekha, ndipo ukathyoka ndi zako. Amayi ako ati ubwere ndi bulangete, ugona pansi ndi Lazalo, komanso ndiwo ndi nyemba, nkhuku unamaliza."