Netiweki ya pa chulu cha apongozi

Chaka chimene ndinkakhala chikamwini kufupi ndi Chisepo, netiweki inkapezeka malo amodzi okha: pamwamba pa chulu, m'munda mwa apongozi anga aakazi. Ntchito yanga inali ya pa laputopu. Ndinali m'gulu lokonza kamakina kongoyerekeza, kokhala m'kati mwa kompyuta, kamene kamawerenga malangizo otchedwa bayitikodi. Mbali yanga inali kulongedza malangizowo mu fayilo kuti kompyuta ina ikawamasule bwinobwino.

Kumudziko palibe amene ankaona kuti imeneyi ndi ntchito. Mkamwini amadziwika ndi khasu, ine ndinali wokhala pa chulu ngati nyani wodikira chimanga. Mkazi wanga anandiuza mosabisa kuti mayi ake ayamba kufunsa ngati sanalakwitse kundilola. Zinandiwawa kwambiri.

Tsono mwambo sulola mkamwini kuonana maso ndi maso ndi apongozi. Ndikangoona duku lawo likutulukira m'chimanga, ndinkatseka laputopu n'kutsetsereka kuseri kwa chulu, liwiro la mtondo wadooka. Netiweki n'kuduka. Fayilo inkafika kwa anzanga ili theka, kamakina n'kuimeza osatafuna, kenaka n'kukomoka. Anzangawo anafunsa chimene chikudula mafayilo. Ndikanati chiyani? Ndinati ndi nyengo.

Mkwiyo ndi umene unandikonzetsa zonse. Ndinaphwasula kalongedzedwe kakale, malangizo n'kuwagawa m'timitolo, kamtolo kalikonse konena kutalika kwake, kokhalanso ndi chizindikiro choti kafika kathunthu. Kamakina kakalandira kamtolo koperewera kazikana mwaulemu, n'kudikira kotsalako. Poyesa sindinavutike. Apongozi ankabwera kumunda tsiku lililonse, ine n'kuthawa, fayilo n'kuduka yokha. Buluku linang'ambika pa minga, koma kamakina sikanakomokenso.

Madzulo ena mkazi wanga anabwera akuseka.

"Amayi akuti ndikufunseni, kodi pachulu paja mumatani?"

"Muwauze kuti ndimamanga mitolo."

"Ndawauza kale. Akuti mitoloyo sanaione, koma munthu wothamanga chonchija, chikatundu chili kukhwapa, sangakhale waulesi."

M'mawa mwake ndinapeza mphasa yatsopano itayalidwa pachulu, m'makona itapsinjidwa ndi miyala. Ndinakhalapo ndili ndi manyazi osaneneka. Chapatali ndinaona apongozi, khasu paphewa, akuzungulira njira yaitali ya kudambo kuti ndisadzukenso.