Katenti ka Che Twaibu

Che Twaibu, msodzi mnzathu wa kuno kwa Mwambo, chaka china anabwera kuchokera ku Zomba ndi katenti ka pa kaunjika, kaja azungu amabereka kumsana akamakwera phiri. Kopepuka ngati jumbo. Tinawaseka, ine patsogolo. Ndinati m'menemo ngakhale nkhuku singausemo mvula.

Manyazi anagwira ife. Ku zimbowera, pa zisumbu za njedza zoyandama pomwe asodzife timakagona miyezi, misasa yathu ya udzu inkadontha, koma iwo ankatuluka m'mawa ali gwa, ouma. Madzi ankangotsetsereka pansalupo ngati patsamba la nthochi. Malamulo awo anali awiri: osakhudza nsalu mvula ikugwa, ndiponso osakachapa. Ankati pansalupo pali mafuta ake osaoneka, ndipo sopo ndiye mdani wake.

Za mpunga zinali za akazi awo, a Shamila. Mayi aja ankasankha mbewu ngala imodziimodzi m'munda mwawo ku sikimu ya Likangala, mtundu wonunkhira womwe anautenga kwa amayi awo. Kugula mbewu sankadziwa, kupempha ndiye ayi.

Ndiye kunabwera namondwe uja. Nyumba inagwa, mpunga wa m'munda unamira. Chomwe anapulumutsa ndi thumba limodzi la mbewu ndi katentiko, ndipo anakakhoma pamtunda pafupi ndi mzikiti. A Shamila anali atayamba kale chifuwa. Anagona m'menemo, thumba lili kumutu, mpaka anatisiya. Mawu awo omaliza omveka anali akuti mbewuyo isanyowe, madzi akaphwa ifesedwe.

Titachoka kumanda, Che Twaibu sanalire. Ankangokhala. Ukawalonjera ankakuyang'ana ngati ukuyankhulira kutsidya.

Mwambo mukuudziwa, zonse zomwe wagonera womwalira zimachapidwa. Amayi a m'mudzi, motsogozedwa ndi a Sophia, mng'ono wa malemuwo, anatenga mphasa, zitenje, bulangete, ndi katenti komwe. Mwiniwake anali pomwepo, akuona, pakamwa osatsegula. Ine ndinali nditapita kukasaka bwato langa lomwe linakokoloka. Ndikanakhalapo ndikanakuwa mpaka mudzi wonse kumva. Amayiwo anakathira sopo waufa, kukachikicha pamwala ndi mphamvu zawo zonse, kukatsukuluza, kukayanika. Kanayera mbee. Anakakhomanso mwaulemu n'kubwezeramo thumba lija.

Mvula inabweranso, yosakalipa n'komwe, ya mvumbi chabe, koma yosakata. Nsalu ija inamwa madzi ngati chitenje. Che Twaibu ndinawapeza masana atakhala m'katimo, madzi akuwadonthera pamutu, atafunditsa thumba malaya awo. Tinalithamangitsira ku mzikiti, koma linali litanyowa kale mpaka pansi, ndipo dzuwa loti n'kuyanikira kunalibe.

Tsiku lomwe tinamasula, mbewu inali itamera yonse, timizu toyera titalukanalukana m'thumbamo. Minda inali ikadali pansi pa madzi olekeza m'chiuno. Pofesa panalibe, ndipo mbewu yomera sidikira munthu. Zinandiwawa, ndisaname. Iwo anangotolapo pang'ono, kuyang'ana, n'kubwezera.

A Sophia atafika n'kumva kuti sopo ndiye anawononga katenti, anagwira pakamwa. Misozi ili chuchuchu, anawafunsa Che Twaibu chomwe sananenere tsiku lochapa lija, poti anali pomwepo.

Che Twaibu anacheukira katenti kaja, koyera, kakudonthabe.

"Munachapa bwino, alamu," anatero. "Ngakhale fungo la akulu anu mulibe."