Makasu a Kumanda

Amene anandilakwira ndi neba wanga wa kuseri kwa mpanda, bambo uja wogulitsa malata akale pamsika wa Chigwirizano. Sindibisa. Ndi iyeyo anaimirira pamaso pa adzukulu anzanga, ife okumba manda, n'kunena kuti, "Makasu a kumanda sangasungidwe ndi munthu wa ku Mozambiki. Tsiku lina adzanyamuka nawo."

Ndidzanyamuka nawo kupita kuti?

Ine ndinalowa m'dziko muno ndili wamng'ono, nthawi ya nkhondo, mayi anga atandigwira padzanja. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Ntchito yanga ndi kukumba: zitsime, zimbudzi, maenje a zinyalala. Zimenezo ndimalipiritsa. Manda okha ayi. Maliro akagwa ndimasiya ganyu pakati, mwini chitsime akalipe asakalipe. Ine ndimati kwanu n'kumene wakwirirako anthu.

Mkulu wathu wa adzukulu, amene ankasunga makasu ndi mapiki kunyumba kwake, msana unamukana. Anati tisankhe wina. Anzanga anatchula ine. Sindinama, ndinkazifuna. Ena amalota minibasi, ena shopu ku Area 25. Ine ndinkangofuna kuti zovuta zikagwa, anthu azigogoda pakhomo panga, ndizituluka ndi makasu n'kunena kuti tikumbe apa.

Apo m'pamene neba uja anayankhula mawu ake aja. Mmodzi mwa adzukuluwo anaseka n'kuti, "Musadandaule achimwene, inu pikiyo ndinu nomwe." Makasu anapita kwa mlamu wake wa nebayo.

Chimene chimandidya n'chakuti manda a mayi ake a bambo ameneyu ndinakumba ine, nyengo ya mvula, madzi akudzadza m'dzenje, ine ndikukapa ndi chidebe. Tsiku limenelo sanandifunse kumene ndinabadwira. Mayi anga agona kumanda komweko. Mwana wanga woyambanso ali komweko. Ku Angonia, ku Mozambiki kumene akundilozerako, sindikudziwako ngakhale mtengo umodzi.

Mkazi wanga anati, "Bambo a mwana, siyani, akumbe okha aone." Ndinayesa. Maliro ena ndinakhala pakhomo. Nyimbo zikudutsa pamsewu, ndinakankhira mbale ya nsima pambali. Womwalirayo sanandilakwire kanthu. Maliro otsatira ndinapita, ndipo ndimapitabe. Ndimakumba ndi khasu limene wandipatsa mlamu wakeyo, ndikamaliza ndimabweza.

Masiku ano neba uja amandipatsa moni pampanda. Nthawi zina amatumiza chinangwa. Ana amadya, ine sindikhudza. Nkhani imene anaiyambira pagulu sangaithere ndi chinangwa pampanda.

Makasuwo akhale nawo, sindikuwalimbiranso. Koma adzaimirire pamalo pomwe paja, adzukulu onse alipo, anene ndi pakamwa pake kuti ananama, kuti ine ndine wa pano.