Chaka Chimene Ndinadzala Chitedze

Ndiulule: ndinkakhulupirira kuti chitedze chimayabwa chifukwa chokulira kutchire, kopanda mwambo. Chaka chimene makuponi a feteleza anandiphonya, alangizi anati mbewu za mtundu wa nyemba zimabwezera chonde m'nthaka. Basi, ine ndinakatola njere za chitedze kudambo, n'kuzikwecha pamwala kuti zimere msanga, n'kuzidzala m'chimanga.

Chinayanga bwino kwabasi, maluwa ofiirira ali lendelende, moti apanjinga opita ku Santhe ankaima kusirira. Koma tsiku lokolola kamphepo katangowomba, ubweya wake unatimwazikira. Ine ndi mayi akunyumba tinathawa tikudzikanda, chimanga chonse chili chiimire.

Usiku umenewo iwo anati, "Bambo, mawa mukakolole nokha. Komanso mwendo mukukandawo ndi wanga."